Chiliza Chobwerera pa Wilibala

Bambo anga ankagwira ntchito ku manda a azungu. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndili mwana ndinkawabisa. Aphunzitsi akafunsa ntchito za makolo athu, ine ndinkati bambo amasamalira maluwa m'tauni, ndipo silinali bodza kwenikweni poti maluwawo analipodi. Koma ku Zingwangwa kulibe chinsinsi. Anzanga ankadziwa, amayi awo ankadziwa, ndipo tikayambana pa mpopi mawu omaliza ankakhala akuti mwana wa kumanda iwe. Ndinamenya ambiri chifukwa cha mawu amenewa, ena akuluakulu kuposa ine, ndipo mpaka lero sindinapepese aliyense.

Mandawo anali mkati mwa mpanda wa njerwa zakale, pansi pa mitengo ikuluikulu. Munagona anthu a ku Mangalande ndi ku Sikotilandi amene anabwera kuno Blantyre isanakhale tauni: amishoni, amalonda, asilikali, akazi awo ndi makanda awo. Bambo ankalawirira wapansi, kabotolo ka tiyi kali m'thumba la jekete. Zida zawo zinali chikwakwa, kakhasu, ndowa ndi bulashi. Udzu ankatchetcha ngati wina aliyense, koma ntchito imene ankainyadira inali yotsuka miyala. Ndere zikamera m'zilembo dzina limafufutika, ndiye iwo ankagwada ndi bulashi, malo ovuta n'kumatokosa ndi kamtengo, chilembo chimodzichimodzi, mpaka dzina lioneke ngati alilemba dzulo. Chingerezi sankachidziwa. Ngakhale buku la nyimbo la kutchalitchi ankawerenga akulondola ndi chala. Koma mukawatchulira dzina la mzungu aliyense wa mumpandamo, ankakutengerani pomwepo osaphonya.

Nkhani za anthuwo anazitola pang'onopang'ono, zina kwa m'busa wina wokalamba amene ankakonda kupuma pamthunzi m'menemo, zina kwa alendo, ndipo zina ndikukhulupirira anathira okha mchere. Tikamadya ankatisimbira za mnyamata wa ku Sikotilandi amene anayenda panyanja miyezi, n'kukwera sitima ya mu Shire kudutsa kwawo kwa bambo ku Nsanje, n'kufika kuno kudzangokhala milungu itatu malungo n'kumutenga. Panali mayi amene anagona limodzi ndi khanda lake la masiku awiri, pansi pa mngelo wamwala wothyoka phiko. Panalinso mlenje amene anapondedwa ndi njovu, ndipo ameneyu bambo sankamumvera chisoni kwenikweni, ati anaziputa yekha. Onsewa ankawatchula ngati anansi. Akanena kuti lero ndinaswera kwa mayi wa khanda uja, amayi anga ankafunsa mwachipongwe ngati wawathirako tiyi.

Pakhoma pathu panali kalendala yakale imene mlendo wina anawapatsa, ya chithunzi cha tchalitchi chachikulu cha ku London. Chaka chake chinatha kalekale koma sankalola kuichotsa. Anamva kuti mafumu ena a kumeneko anawaika m'tchalitchi momwemo, pansi penipeni, anthu n'kumayenda ndi nsapato pamwamba pa mayina a akufa. Zimenezi zinkawazunguza mutu. Ankati anthu amenewa ndi odabwitsa, ulemu alibe poti amaponda manda, koma kuiwala saiwala. Ine nditaphunzira kusekondale za mfumu yawo ina imene inakwatira akazi asanu ndi mmodzi n'kudulitsa mitu awiri, ndinathamangira kudzawauza, ndikuyesa adabwa. Iwo anangofunsa ngati akazi awiriwo anawaikira miyala.

Kwathu kuno manda si malo oyendako. Timalowako pa maliro pokha, pagulu, amfumu atadziwa, ndipo tikabwerako timasamba m'manja tisanalowe m'nyumba. Munthu wopezeka yekha pakati pa mitumbira amakhala ndi mlandu wofotokoza, ndipo dzina limene amapatsidwa tonse timalidziwa. Tsono bambo, munthu woswera ndi akufa tsiku ndi tsiku, anthu ankawayang'ana ndi diso lina. Mwana akadwala pa layini yathu, panali azimayi ena amene ankasiya kudzapempha moto kwathu. Bambo ankaziona zonsezi, ndipo n'chifukwa chake ankasamala kuposa aliyense. Pa maliro ankakhala pakati pa anthu, osatsogola, osatsalira, manja kumbuyo. Ku Misa sankajomba. Ankati manda a azungu ndi ntchito, ali ndi geti ndi kiyi, koma manda athu ali ndi eni ake.

Amayi anamwalira chaka cha riferendamu, nyengo yozizira, makoma ndi mitengo zitadzaza zithunzi za nyali ndi tambala. Ine ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anadwala miyezi inayi, ndipo wowadwazika ndinali ine, poti mkulu wanga anali atakwatiwa ku Bangwe ndipo anali ndi khanda kumanja. Amayi anali Alomwe a ku Mulanje, bambo Asena, anakumana mu kwaya m'tauni muno. Kwa Alomwe mkazi ndi ana ake amayang'aniridwa ndi mlongo wake wamwamuna, choncho mawu omaliza pa maliro a amayi anali a amalume, amene ankalondera pa esiteti ya tiyi ku Thyolo. Koma amayi anali ataneneratu, bambo ali pomwepo, ine ndikuwapukuta milomo.

"Musakandikweze lole ayi. Mundiike konkuno, ana azidziwa pamene ndagona."

Amalume anafika mtembo uli kale m'bokosi. Anawamva mawuwo, ndipo sanatsutse pamaso pa anthu. Koma zinawapweteka kuti mlongo wawo agone pakati pa alendo, kutali ndi makolo awo. Titabwerako kumanda anaitanira bambo kuseri kwa nyumba n'kuwauza kuti popeza maliro ayenda mmene iwo sanafunire, chiliza chokha asadzayerekeze kumanga iwo palibe. Bambo anavomera ndi manja awiri. Ndi mmene zimakhaliradi, mkamwini samanga yekha chiliza pa mwana wa eni ake.

Manda a dera lathu ali m'munsi mwa phiri, ndipo nthawi imeneyo m'mphepete mwake munali mitengo ya bulugama. A mumphakati wathu anazika mtanda wa matabwa, dzina atalemba ndi penti yoyera. Pamene anthu ankaika nkhata ndinaona milomo ya bambo ikugwedera, ndipo ndinkayesa akupemphera. Kunyumba anandiuza kuti ankawerenga mapazi. Kuchokera pa bulugama wa mphanda, mapazi khumi ndi asanu ndi atatu kulowera kotulukira dzuwa. Anandibwerezetsa katatu ngati ndili pa katekisimu. Ankadziwa bwino kuti thabwa ndi chakudya cha chiswe, zaka ziwiri sizitha. Koma mtengo unali waukulu woti anthu awiri sangaufungatire, ndipo mtengo wa kumanda palibe amene amaudula. Anati pokhala ndi mtengowo amayi sangatisowe mpaka amalume adzaphwe mtima.

Kenaka inafika matipate. Sukulu itakhala yaulere ine ndinali m'gulu lija analemba uphunzitsi mwachangu, ndipo ndinkaphunzitsa ku Soche pansi pa mtengo, ana ochuluka oti mayina awo sindinawamalize. Nthawi yomweyo anakula matenda aja sitinkawatchula dzina. Maliro anali sabata ndi sabata, nthawi zina awiri tsiku limodzi pa layini imodzi. Manda anadzaza mbali ya kumunsi, adzukulu anayamba kukumba kumtunda, ndipo njira yolowera inasintha. Poyamba bambo akapita ku maliro a ena ankaponya diso kumunsi n'kudzandiuza kuti mtanda ulipo. Kenaka ankati udzu watalika, sanaone bwino. Kenaka malo okumba anakhala kuseri kwa chitunda, ndipo anasiya kunena. Kuchoka pagulu n'kutsetserekera kumunsi okha sakanatha, maso onse aja ali pa iwo.

Phiri nalo linayamba kumetedwa. Anthu ankati ndi ufulu, ndipo m'mawa uliwonse tinkakumana ndi mitolo ya nkhuni ndi mapolo zikutsika. Ine mtima unayamba kundiwawa. Lamulungu lina titachokera ku Misa ndinawauza bambo kuti tipite awiri, masana dzuwa likuswa mtengo, tikangokhazikapo njerwa ziwiri n'kubwerako. Anakana. Ndinawakumbutsa za nkhwangwa zimene zinali m'phiri, iwo anati ngakhale wamisala sadula mtengo wa kumanda. Pamenepo mkwiyo wanga uja wa pa mpopi unadzuka.

"Ababa, tsiku lonse mumatsuka azungu osawadziwa. Amayi okha ndiye akukuopsani?"

"Azungu aja alibe alamu anga," anatero. "Ndipo iwe ukhala pa layini yomwe ino, anthu akutchula bwanji?"

Ndinawayankha kuti anditchule mmene afunira, anayamba kale. Koma sindinapite. Ndimanena izi kuti ndisadzikometse: ndinali ndi miyendo, njira ndinkaidziwa, ndipo nanenso ndinkaopa. Mkwiyo wanga unathera pa mbale, ndinaswa ziwiri sabata imeneyo.

Bambo anapita ku Thyolo kawiri kukakumbutsa. Ulendo woyamba amalume anati tidikire tikolole. Ulendo wachiwiri anawapeza atameta kumene, ataika mwana wawo woyamba. Sindingawanenere zoipa zokhazokha amalume. M'zaka zitatu anaika ana awo awiri ndi mkamwini, ndipo adzukulu amasiye anawaunjikira m'kanyumba ka pa esiteti. Munthu wotere ukamuuza za chiliza amakuyang'ana ngati ukumufunsa za penti nyumba ikupsa. Koma kamkwiyo kaja kanaliponso pansi, ndipo bambo sankadziwa kukakamiza munthu. Ankabwerako ndi nthochi ndi mawu akuti tionana.

Matipate inabweretsanso alendo. Azungu anayamba kubwera ambiri ku manda a bambo, ena atanyamula mapepala akale, kufunafuna agogo awo. Loweruka lina pochokera kumsika waukulu ndinadzera kuntchito kwawo, ndipo ndinapeza pa geti pataima mayi wachizungu wa imvi mutu wonse, atavala buluku, m'manja muli kalata yofiirira ndi ukale. Bambo anandikodola kuti ndimasulire. Mayiyo anati akufuna manda a mlongo wa agogo ake. Anatchula dzina, ndipo ine ndisanatsegule pakamwa bambo anali atanyamula kale ndowa, akutsogolera. Anali mnyamata wa ku Sikotilandi uja wa milungu itatu.

Mayiyo anagwada pa udzu. Dzina linali loyera, chilembo chilichonse chikuoneka. Anatiuza kuti agogo ake anasunga kalata yomaliza ya mnyamatayo mpaka imfa yawo, kalata yodandaula za mvula ndi yopempha masokosi, imene inafika kwawo mwini wake ataikidwa kale. Chichitikireni zimenezo palibe wa m'banja mwawo amene anaonapo mandawo, ndipo iye ankayesa apeza thengo. Analira pang'ono, mwachizungu, akupepesa. Kenaka anatulutsa pepala lopyapyala, analiyala pamwala n'kumakhutiza ndi chekeni, ndipo dzina linatuluka papepalapo lonse, loti akalionetse kwawo. Bambo anagwira ngodya za pepalalo kuti mphepo isalitenge. Mayiyo anawajambula ataima pambali pa mwalawo, bulashi ili m'manja.

Pochoka anafunsa za banja lawo, ndipo ndinamuuza kuti amayi anatisiya zaka zitatu zapitazo. Anagwira bambo dzanja n'kunena kuti ndi mwamuna wotere, manda a amayi ayenera kuti ndi okongola kuposa onse m'Blantyre. Bambo anatembenukira kwa ine kudikira Chinyanja chake. Ndikanatha kunama. Ndikanangoti akuthokoza ntchito yanu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndinamasulira mawu onse, osasiyako ndi limodzi lomwe, pang'onopang'ono, chifukwa ndinkafuna awalase. Anawalasadi. Anayang'ana pansi, anathokoza mayiyo m'Chisena kuti takhuta, anatola ndowa yawo n'kubwerera ku mngelo wothyoka phiko uja. Pa zinthu zonse zimene ndinalakwira bambo anga, chimenechi ndiye chimandipweteka mpaka lero.

Sabata yotsatira anakhoma chikombole cha matabwa kuseri kwa nyumba. Anati amalume analetsa kumanga pamanda, sanaletse kuumba mwala pakhomo. Mchenga anakatapa okha kumtsinje n'kuusefa ndi sefa ya amayi ya ufa. Anasakaniza ndi simenti, anaika waya mkati, ndipo pamwamba anazunguliza ngati miyala ya kuntchito kwawo. Ine ndinalemba dzina la amayi papepala m'zilembo zazikulu, iwo n'kumalemba ndi msomali simenti isanaume, chilembo chilichonse ndi timiyendo take monga ankazionera pa miyala yakale ija. Mwala woyamba anauswa ndi hamala chifukwa chilembo chimodzi chinapendama. Pa wachiwiri anandiuza kuti ndiwonjezere zimene azungu amawonjezera, zaka za munthu ndi kumene anachokera, kuti wodutsa adziwe kuti pano pagona wa ku Mulanje. Anaufunditsa masaka n'kumauthirira m'mawa ndi madzulo sabata yathunthu. Anansi ankasuzumira pa mpanda, ndipo nthawi imeneyi bambo sanasamale.

Ku Thyolo ndinapita ndekha. Kwa amalume ine sindinali mlendo ngati bambo, ndinali mwana wa mbumba yawo, wololedwa kulira ndi kulalata. Ndinachita zonse ziwiri. Ndinawauza kuti mlongo wawo anakana lole kuti ife tizidziwa pamene wagona, ndipo ife sitikudziwa ngati mtanda ulipo. Anatola kamtengo n'kumakaphwanya ndi zala. Kenaka anati mvula ikatha abwera, ndipo anabweradi, patatha zaka zinayi chiikireni maliro.

Linali Loweruka m'mawa, nyengo ya mphepo ndi fumbi. Amfumu anali atavomera ndipo anatipatsa adzukulu awiri otiperekeza. Panali amalume atavala chipewa, mkulu wanga, akatekisiti, ndi azimayi a mumphakati akuimba motsitsa. Kunyumba tinasiya ena akuphika mpunga, thobwa litafululidwa kale. Bambo anabwereka wilibala, anayala masaka, anagoneka mwala, ndipo anakankha okha njira yonse. Mmodzi wa adzukuluwo atafuna kuwalandira anamukaniza.

Tinalowera njira yakale ya kumunsi. Ine ndi amene ndinali patsogolo, ndipo poyamba ndinayesa tasochera, chifukwa malowo anali owala kwambiri. Panalibe mtengo ndi umodzi womwe. Ngakhale zitsa anali atazula, adzukulu anati zinapita kukaotchera njerwa. Moto wa osaka mbewa unali utadutsamo kangapo, ndipo mitanda yotsala inali timakala tating'ono tosuzumira mu udzu. Mitumbira inali itaphwa ndi mvula zinayi. Pakati pa mizere yakale anali atapanikizamo manda atsopano, moti mizereyo sinkadziwikanso. Nyimbo inazima yokha, ndipo ndinamva wilibala ikuima kumbuyo kwanga.

 M'mphepetemo munali maenje a zitsa angapo, ofanana onse. Bambo anaima pa dzenje loyamba, anayang'ana kotulukira dzuwa, anayenda akuwerenga. Mapazi khumi ndi asanu ndi atatu anawafikitsa pa chiliza cha munthu wina. Anabwerera, anayambira pa dzenje lachiwiri, anafika pa mtumbira wopanda chilichonse. Pa lachitatu anafika pa wina woyandikana nawo. Adzukuluwo anali achinyamata, anati amene ankakumba chaka chimenecho wina anamwalira, wina anapita ku Joni. Azimayi a mumphakati anayamba kutsutsana monong'ona, wina akuloza apa, wina apo, wina akukumbukira kuti anaima pafupi ndi chulu chimene sichinaliponso. Mkulu wanga ankangolira. Ine, amene anandibwerezetsa katatu, ndinkadziwa mapazi okha. Pomaliza tinagwirizana kuti amayi ali pa umodzi wa mitumbira isanu ndi iwiri imene inali pamodzi, koma uti, palibe amene akanalumbira.

Dzuwa linali litakwera. Amalume anayandikira bambo n'kulankhula mofatsa, mmene sindinawamvepo.

"Alamu, ingoikani pa wapakatiwu. Mulungu akudziwa."

Akatekisiti anagwedeza mutu kuvomereza, azimayi nawonso. Ngakhale ine ndinavomera, ndinkangofuna mwala uime penapake, ndikhale ndi malo oloza. Bambo anayang'ana mtumbira wapakatiwo nthawi yaitali.

"Ameneyu ali ndi dzina lake, alamu. Ndikamuika la mkazi wanga, abale ake akadzabwera adzamupeza kuti?"



"Zaka makumi atatu sindinasokonezepo munthu," anapitiriza bambo. "Sindiyambira pa mkazi wanga."

Amalume anavula chipewa n'kukhala pansi pa fumbi. Pa maliro a amayi sanagwetse msozi, koma tsiku limenelo analira ngati mwana, akungobwereza kuti wachedwa ndine, wachedwa ndine. Ndinali nditawasungira mawu ambiri zaka zinayi, ndipo sindinatulutse ndi limodzi lomwe.

Bambo anapempha adzukulu ngati angaloledwe kulimira, poti tabwera kale ndipo amfumu akudziwa. Anatulutsa kakhasu kawo ka kuntchito m'wilibala, anagwada pa mtumbira woyamba. Anazula udzu, anakokera dothi, anasalaza ndi manja. Atatha anasunthira pa wachiwiri. Tinazindikira chimene akuchita, ndipo tinagwada nawo, ine, mkulu wanga, azimayi aja, pomaliza amalume. Tinalimira yonse isanu ndi iwiri. Bambo sanafulumire pa uliwonse, aliyense anamusalazira mofanana. Akatekisiti anawaza madzi odalitsa pa yonse, ndipo popemphera anatchula dzina la amayi ndi ena asanu ndi mmodzi amene mayina awo sitinawadziwe.

Kubwerera kunali kokwera. Bambo anakankhanso okha, mwala uli chigonere pa masaka, dzina likuyang'ana kumwamba. Anthu anali atationa tikupita, ndiye anatuluka m'makonde kutiona tikubwera. Ndinayang'ana nkhope iliyonse, ndikudikira wina atsegule pakamwa kuti ndimuthere.  M'malo mwake mayi wina wa gulu lija linasiya kupempha moto kwathu anatsika pakhonde pake n'kuchotsa njerwa imene inali panjira ya wilibala. Kunyumba mpunga unadyedwa mwakachetechete, thobwa lambiri tinagawira anansi, ndipo amalume ananyamuka tsiku lomwelo.

Mwalawo bambo anauyedzamiritsa kukhoma m'chipinda chawo. Lolemba analawira ku ntchito monga mwa masiku onse, kabotolo ka tiyi m'thumba. Ndinkayesa asiya, kapena ayamba kudana nawo azungu awo aja, koma ayi. Chimene anasiya ndi kutisimbira nkhani zawo tikamadya. Loweruka lililonse ankabwera ndi bulashi ya kuntchito n'kutsuka mwala wa amayi, ngakhale m'nyumba simumera ndere. Patapita miyezi inafika envelopu yochokera ku Sikotilandi, muli chithunzi chija ndi kalata yothokoza. Anandiuza kuti ndiwawerengere, ndipo nthawi imeneyi ndinasankha zomasulira. Ndi chithunzi chokhacho cha bambo chimene tili nacho. Aima chilili, bulashi m'manja, ndipo dzina la mnyamata uja likuwerengeka bwinobwino pambali pawo.

Bambo anadwala chaka cha chisankho chachiwiri, chifuwa cha ukalamba ndi fumbi. Ankadziwa kuti abale awo adzawatengera ku Nsanje, monga mwa Chisena, ndipo sanatsutse. Masana ena ndikuwamwetsa phala, anatembenuzira mutu kukhoma kumene kunali mwala.

"Mwananga, anali mapazi angati paja?"

"Khumi ndi asanu ndi atatu, ababa. Kulowera kotulukira dzuwa."

"Eya. Usaiwale."

Lole itabwera kudzatenga mtembo wawo ndinapempha abale awo kuti tikweze ndi mwalawo, ukaime pafupi ndi iwo. Anakana, ati sangaimike dzina pamene palibe munthu wake, ndipo sindinalimbane nawo chifukwa bambo akanayankha chimodzimodzi. Mwala unatsala ndi ine. Ndasamuka nawo kawiri, ndipo pano uli kuseri kwa chitseko cha chipinda changa ku Machinjiri. Ana anga akandifunsa pamene agogo awo aakazi anagona, ndimawauza kuti ndi mapazi khumi ndi asanu ndi atatu kulowera kotulukira dzuwa. Akafunsa kuti kuyambira pati, ndimawauza kuti panali mtengo.